Kompyuta ya Pawindo

Tsiku limene Solomon analowa koyamba m'chipinda cha makompyuta, kunja kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu, kosagwa kwenikweni koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Anaima pakhomo malaya atamata pathupi, akumwetulira ngati munthu wobwera ndi mphatso.

"Monire, asisi. Mwatandala uli?"

Lehema sanadzutse n'komwe mutu. "Chitumbuka sindimva, achimwene. Mzere ndi uwo. Khalani pabenchi."

"Ah, ndiye ndinu a kumwera eti? N'chifukwa chake muno mukufunda chonchi."

"Mukufunda chifukwa ndatseka mawindo. Pabenchi!"

Ophunzira amene anali pamzere anaseka chamumtima. Solomon anasekanso, n'kukakhala. Koma maso ake sanachoke pa Lehema.

Lehema analibe nthawi ya zibwana. Sukulu anasiyira Folomu 3, mimba itaonekera, mwini mimbayo atathawira ku Joni osatsanzika. Anatsala ndi mwana wamkazi, Amna, m'nyumba ya bambo ake, a Rajab, amene anachoka ku Mangochi kalekale kudzatsegula kagolosale ku Chiputula, mu Mzuzu momwemo. Ntchito ya pa laibulale ya koleji anaiyamba ndi tsache m'manja, ndipo anasesa mpaka mkulu wa laibulaleyo, Madamu Winifred, anaona kuti mtsikanayu mutu wake umagwira. Anamupatsa chipinda cha makompyuta.

Ntchito imeneyo ndi imene inkapereka Amna ku sukulu ya mkaka. Ndi yomweyonso inkamulipirira Lehema makalasi a Loweruka, kuti tsiku lina adzalembe mayeso a Folomu 4 amene anamudutsa. Ndiye wina abwere ndi mano oyera adzaseweretse zimenezo? Ayi ndithu!

Makompyuta anali ochepa, ophunzira ambirimbiri. Mabandulo a pafoni atakwera mtengo, aliyense ankathamangira ku laibulale kukatumiza ntchito kwa aphunzitsi ndi kuona maimelo. Lamulo la Madamu Winifred linali limodzi, ndipo analinena tsiku loyamba atamuloza Lehema ndi cholembera.

"Ana awa anazolowera foni. Akamaliza amangodina kamtanda kapakona n'kumapita, akuganiza kuti atseka. Sanatseke! Ali ngati munthu wokoka katani chitseko osakhoma. Wobwera pambuyo akangotsegula, imelo ya mnzake ili poyera. Ndiye iwe, munthu akadzuka, wina asakhale usanapite wekha kukaona. Ukapeza imelo yotsegula, usawerenge ngakhale mzere umodzi. Dina pamene palembedwa Sign out, basi. Ukaphonya, mlandu ndi wako, ntchito yatha. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Ndipo anamvadi. Ophunzira ankamutchula kuti wapolisi. Munthu akathamangira mpando, Lehema ankangoti, "Imirirani kaye!" ndipo ngakhale anyamata andevu ankaimirira.

Solomon anabweranso mawa lake. Mkuja anabweranso. Tsiku lina anasiya nthochi patebulo la Lehema osanena kanthu. Tsiku lina chipisi chotentha m'kajumbo. Nambala ya foni ya Lehema inali pachitseko kuti ophunzira azinena kompyuta ikavuta, ndipo madzulo ena foniyo inalira. Anali Solomon.

"Asisi, kompyuta ya mumtima mwanga yafiriza. Ikungoonetsa nkhope yanu."

Lehema anayankha, "Izimitseni muiyatsenso."

Koma anaseka. Anaseka yekha kuseri kwa golosale mpaka bambo ake anafunsa ngati wapenga.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Lehe wanga, wafika bwino? Wakabaza uja amathamanga, mtima wanga unali m'mwamba."

"Wadya, duwa langa? Ngati sunadye, inenso sindidya."

"Nkhukutemwa chomene. Ukafunse amene amamva Chitumbuka."

Anakafunsadi kwa mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo. Mayiyo anaomba m'manja n'kugwetsa chitenje ndi phwete. "Mwana iwe, wakutchera msampha ameneyo! Akuti amakukonda kwambiri!"

Lehema anamuuza Solomon zonse poyera, monga mmene ankachitira chilichonse. "Ine ndili ndi mwana. Ndine Msilamu, iwe ndiwe wa kutchalitchi. Ndinapsapo kale. Ngati ukufuna pongopumira, pita kwina."

"Ndikufuna ndimuone mwanayo," anayankha Solomon.

Loweruka lina anakumana m'tauni pafupi ndi msika waukulu. Solomon anagwada pamaso pa Amna, n'kumupatsa moni ngati munthu wamkulu, kenako anamukweza paphewa. Anayenda naye choncho msika wonse, mwana akuseka, atagwira makutu a Solomon ngati zigwiriro za njinga.

"Ankolo Solo, thamangani! Thamangani!"

Apo ndi pamene Lehema anagonja. Nthochi sizikanamugwetsa, chipisi sichikanamugwetsa. Koma mwana wake kuseka paphewa la mwamuna? Ndi mayi uti angalimbe pamenepo?

"Ndikangomaliza dipuloma, ndikubwera kwa a Rajab nditavala kofiya," analonjeza Solomon tsiku limenelo. "Ngati n'kupita ku mzikiti, ndipita. Ngati n'kusiya nkhumba, ndasiya kale dzulo. Amna adzalemba dzina langa pamakope ake. Iwe udzalemba mayeso ako, ndidzakuphunzitsa masamu ndekha. Ndikulumbira, Lehe."

"Usalumbire. Ingochita."

"Koma pakoleji tisaonetse, bebi. Madamu ako akadziwa kuti ukuyenda ndi wophunzira, ntchito yako ili pangozi. Ine sindingapirire kukuona ukuvutika."

Lehema anaona ngati ndi nzeru. Mwezi utatha anamugulira malaya abuluu pakaunjika, anawachapa, anawasita, n'kumupatsa mobisa kuseri kwa mashelefu a mabuku.

Solomon anali ndi kompyuta yake imene ankaikonda: ya pawindo, yoyandikana ndi tebulo la Lehema. Ina ikapezeka yopanda munthu, ankalola mnzake adutse, iye n'kudikira yomweyo.

"Pamenepa ndimakuona bwino," ankanong'ona. "Kwinako ndimangoona khoma."

Pa kompyuta yomweyo pankakonda kukhala mtsikana wina wofatsa wa magalasi, dzina lake Sharon, wa ku Geisha, dera lina la mumzindawo. Sharon anali wa gulu lophunzira masana, ndiye ankabwera cham'mawa, belu likalira n'kunyamuka chothamanga. Solomon anali wa gulu la m'mawa, ndiye ankalowa Sharon atangotuluka. Ndipo pa oiwala onse a pakolejipo, Sharon anali mfumukazi yawo.

"Sharon, watseka?"

"Ndatseka, asisi, yewo!"

Ukapita kukaona, imelo ili chitsegukire. Tsiku ndi tsiku!

Tsiku lina Sharon atatuluka, Lehema anadzuka kuti akaone monga mwa lamulo. Anapeza Solomon wakhala kale, dzanja lili pa mausi.

"Khala pansi, mami," anatero chapansipansi. "Miyendo imeneyo ndi yanga, usaitopetse. Ndatseka kale ndekha."

Lehema anaima pang'ono. Mawu a Madamu Winifred anamubwerera m'makutu. Koma kodi munthu amene wanyamula mwana wako paphewa ungamuuze kuti imirira kaye? Anabwerera n'kukhala pansi.

Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Aliyense ankaimirira, kupatula mmodzi.

Atsikana anzanga, mwamuna akakuuza kuti khala pansi upume, uyambe wayang'ana chimene sakufuna kuti uone!

Zinaphulika Lachinayi lina masana. Chitseko chinamenya khoma, ndipo Sharon wofatsa uja analowa magalasi ali m'manja, nkhope yonse misozi.

"Ndani? Ndani wandichita zimenezi? Ndamulakwira chiyani?"

Laibulale yonse inaima. Madamu Winifred anatuluka mu ofesi mwawo.

Nkhani inali yotere. Sharon anasankhidwa kukachita atachimenti, kuphunzira ntchito, ku kampani ina yaikulu ku Lilongwe, malo amene aliyense m'kalasi mwake ankawalota, chifukwa opita kumeneko ambiri ankalembedwa ntchito. Tsiku limenelo iye anaimba foni kufunsa tsiku loyambira. Kumeneko anadabwa. "Si inu munakana?" Anamutumizira uthenga umene unachokera pa imelo yake: "Zikomo, koma sindibwera. Malowo mupatse wina." Unatumizidwa Lachiwiri masana, nthawi imene Sharon anali m'kalasi akulemba mayeso. Malowo anali atapatsidwa kale munthu wina.

"Lachiwiri unakhala pati?" anafunsa Madamu Winifred.

"Pawindo, Madamu."

Madamu anatembenukira kwa Lehema. Sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino.

"Mawa m'mawa mu ofesi mwanga, nonse awiri. Iwe Lehema, ukaganize bwino amene anakhala pamenepo Sharon atachoka, ndiponso chifukwa chake imelo inali yotsegula."

Kuganiza chiyani? Lehema ankadziwa.

Ataweruka anamuimbira Solomon. Anakumana kuseri kwa depoti, pamene amayi amagulitsa nthochi, maminibasi akuimba mahutala, makondakitala akukuwa.

"Ndiwe?" anafunsa Lehema osapereka n'komwe moni.

"Bebi, tiye tipeze pokhala kaye..."

"Bebi ndi Amna. Ndakufunsa, ndiwe?"

Solomon anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Enya, ndine. Koma tamvera, Lehe. Ndinachitira ife."

"Ife? Ine ndinakutuma?"

"Inenso ndinalembera malo omwewo. Anandiuza kuti ndine wotsatira. Sharon akakana, atenga ine. Ndikapeza ntchito, ndibwera kwa a Rajab chaka chomwe chino. Sukufuna Amna akhale ndi bambo?"

"Usamutchule mwana wanga pa zonyansa zako!" Lehema anakuwa mpaka wakabaza wina anacheuka. "Iwe ukudziwa kuwawa kwake kuona anzako akukwera basi iwe utatsala? Ine ndinaima pakhomo ndi mimba ndikuona anzanga akupita kukalemba mayeso! Ndiye lero wachita zomwezo kwa mwana wa eni ake, pa kompyuta yanga, m'chipinda changa, ine nditakhala pansi ngati chitsiru chifukwa wandiuza kuti miyendo ndi yako?"

"Ana inu," anatero mayi wa nthochi, "ngati mukugula gulani. Ngati mukumenyana sunthani, mundigwetsera malonda."

Solomon anamukokera Lehema pambali. Nkhope yake inasintha, ndipo mawu anauma.

"Ukanditchula, nawenso watha. Ndani anandilola kukhala? Lamulo linali lako, osati langa. Ophunzira ndi ambiri, palibe angakuumirize kukumbuka nkhope iliyonse. Unganene kuti unatseka, mwina wina anaba pasiwedi. Ukatero ntchito yako ili bwinobwino."

Kenako anafewanso, ngati munthu wozimitsa nyali ina n'kuyatsa ina.

"Phepa, duwa langa. Ndinalakwa chifukwa chokukonda. Usagwetse nyumba yathu tisanaimange."

Lehema anachotsa dzanja lake n'kukwera kabaza.

Atafika ku Chiputula anapeza bambo ake akutseka golosale kuti apite kukaswali ku mzikiti. Amna anamuthamangira atavalabe yunifolomu ya ku sukulu ya mkaka, kutsogolo kuli phala lokhalokha.

"Amami, Ankolo Solo abwera liti? Anati andigulira njinga!"

Lehema anamuvula yunifolomuyo n'kuyamba kuichapa mwaukali, ngati ndiyo yalakwa. Ntchito ikatha, yunifolomu imeneyi aivala kupita kuti? Makalasi a Loweruka alipira ndani? Abwererenso kukhala pagolosale, kumva azimayi akunong'onezana kuti uja wa mimba uja wachotsedwanso ntchito chifukwa cha mwamuna?

Foni inalira.

"Mawa ungonena kuti sukukumbuka. Ngati umandikonda, Lehe. Nkhukutemwa chomene."

Anaiponya pamphasa. Anali atakwiya, inde, atakwiya koopsa. Koma mkwiyo sulipira sukulu ya mwana. Mmene ankayanika yunifolomuyo n'kuti ataganiza kale: anena kuti sakukumbuka.

M'mawa mwake chipinda cha makompyuta anachiyang'anira Walusungu, mnzake wa ntchito wa kumabuku. Podutsa, Lehema anamuona Solomon ali pawindo pake paja, atajomba kalasi, atavala malaya abuluu. Anamutsinzinira diso.

Mu ofesi, Sharon anali atakhala kale, maso atatupa.

"Eya, Lehema," anatero Madamu Winifred. "Ndikumvetsera."

"Madamu, ophunzira ndi ambiri, ndiye kunena zoona..."

"Ine sindiyambana ndi munthu!" Sharon anadula, misozi ikuyambiranso. "Ndimangobwera, kuwerenga, n'kumapita. Adada anagulitsa mbuzi kuti andigulire sutikesi. Amama auza mpingo wonse. Bwenzi langa dzulo analira nane limodzi, munthu wamwamuna kulira! Akuti mwina Mulungu sanafune kuti ndichoke ku Mzuzu."

"Uli ndi bwenzi, mwana iwe?" anafunsa Madamu.

"Ndi wodziwika, Madamu. Akwawo anabwera kale kwathu ku Geisha, za malowolo anakambirana. Pakoleji pano sitiyendera limodzi, iye amati anthu ansanje angatisokoneze."

"Amaphunzira pompano?"

"Enya. Solomon, wa gulu la m'mawa. Uyu apa."

Anayatsa foni. Pagalasi panali Sharon atatsamira pachifuwa cha mwamuna. Mwamunayo akumwetulira ngati munthu wobwera ndi mphatso. Atavala malaya abuluu, kolala itasitidwa bwinobwino.

Lehema anaiyang'ana kolalayo. Anaisita yekha, ndi makala a bambo ake!

M'makutu mwake munalira ngati mwalowa njuchi. Anaimirira.

"Madamu, ndikukumbuka."

"Ukuti chiyani?"

"Ndikukumbuka bwinobwino. Anakhala pamenepo ndi Solomon. Osati Lachiwiri lokha. Masiku onse Sharon akadzuka, iye amakhala, ndipo ine sindinkapita kukatseka. Ndinkamusiya chifukwa ndi chibwenzi changa. Kapena nditi ndinkaganiza choncho."

"Bodza!" Sharon analumpha. "Mukunama, asisi! Mukufuna kudzipulumutsa!"

"Kudzipulumutsa? Mwana iwe, ndikudzimangirira ndekha chingwe pakhosi! Werenga."

Anaika foni yake patebulo. Sharon anawerenga meseji ya dzulo lija. Chala chake chinakwera m'mwamba, n'kukwera, n'kukwera. Anayamba kuwerenga mokweza.

"Duwa langa... Wadya... Ngati sunadye, inenso sindidya..." Anadzutsa mutu. "Ngakhale mawu, asisi. Mawu omwewo!"

Madamu Winifred anatsegula chitseko. "Walusungu! Uja wa malaya abuluu pawindo, abwere kuno. Pompano!"

Solomon analowa akumwetulira. Ataona foni patebulo ndi nkhope za akazi awiriwo, kumwetulirako kunauma pakamwa.

"Lowa, wotsatira," anatero Lehema. "Auze Madamu mmene kampani ya ku Lilongwe ikutengere iwe."

"Kumutenga iye?" Sharon anaseka kuseka kowawa. "Solomon sanalembere n'komwe! Mamakisi ake sanafike."

Solomon sanamuyang'ane Lehema. Anapita molunjika kwa Sharon n'kugwada pansi, mawondo onse awiri, monga anagwadira pamaso pa Amna pamsika paja.

"Sharon, phepa! Phepa chomene! Ukanapita ku Lilongwe ukanandiiwala. Kumeneko kuli amuna a magalimoto, ine ndili ndi chiyani? Ndinkawerenga maimelo ako chifukwa cha nsanje, ndinkafuna ndidziwe amene amakulembera. Nditaona za Lilongwe mutu unazungulira. Koma uyu, uyu si kanthu, ndikulumbira! Ndinkangofuna kuti asamabwere kudzatseka!"

Lehema anamuyang'ana ali chigwadire pansipo.

Uyu si kanthu! Nthochi zija, chipisi chija, kofiya uja, mzikiti uja, masamu aja. Zonsezo kuti mkazi akhale pampando asadzuke!

"Dzuka," anatero Lehema. Mawu ake anali otsika, koma Solomon anadzuka. "Undiyang'ane. Ine chabwino, ndine wamkulu, ndinapusa ndekha. Koma Amna? Unamunyamula mwana wanga paphewa msika wonse chifukwa cha imelo? Mwana wosadziwa n'komwe kulemba dzina lake? Dzulo amandifunsa za njinga, galu iwe! Ndikamuuze chiyani? Kuti Ankolo Solo ankangofuna mpando wa pawindo?"

"Lehe..."

"Usanditchule! Dzina langa ndi Lehema, anandipatsa ndi a Rajab, osati iwe. Ndipo malaya amenewo ndinagula ndine. Ukawavule kwanu, uwaotche, ndisadzawaonenso m'tauni muno!"

"Basi, zakwana," anatero Madamu Winifred. "Solomon, nkhani yako ikupita kwa akuluakulu a koleji lero lomwe. Walusungu akuperekeza. M'laibulale muno usadzapondemonso. Sharon, ndilembera kampaniyo ndekha kufotokoza zimene zachitika. Sindikulonjeza kanthu, koma ndiyesa. Ndipo iwe uphunzire kutseka imelo yako!"

Solomon atatulutsidwa, Madamu anavula magalasi awo n'kupukuta m'maso.

"Lehema, ukanatha kunama, ndipo ndikanakukhulupirira. Wanena zoona, ndakulemekeza. Koma mwana uyu wataya mwayi wake m'chipinda chako. Ndinakuuza chiyani tsiku loyamba?"

"Munati ndikaphonya, ntchito yatha."

"Ndikakusiya, mawa ndidzamuuza chiyani wina? Makiyi ukasiye patebulo lako."

Lehema sanapemphe. Sanagwade. Kugwada anali atakuona kokwanira tsiku limenelo.

Analowa m'chipinda cha makompyuta kukatenga chikwama chake. Sharon anamutsatira, osadziwa kopita. Ophunzira onse anaweramitsa mitu ngati akuwerenga, koma makutu ali tcheru.

Pa kompyuta ya pawindo panalibe munthu. Solomon anaitanidwa mwadzidzidzi, ndipo sanadine n'komwe kamtanda kaja. Imelo yake inali chitsegukire, dzina lake pamwamba, mauthenga ali ndandanda mpaka pansi.

Sharon anamugwira Lehema pamkono. "Asisi, onani! Tiyeni tiwerenge. Mwina alipo enanso. Tilembere aphunzitsi ake, abusa ake, amalume ake, onse! Timuchite zimene wandichita!"

Wophunzira wina wa pabenchi anali atadzuka kale kuthamangira mpandowo.

"Imirirani kaye!" anatero Lehema, ndipo mnyamatayo anaima chilili.

Anagwira mausi. Mtima unkamuuza kuti tsegula, werenga, muyalutse, dziko lonse limudziwe! Ntchito yatha kale, akuopanso chiyani? Ndani angamudzudzule?

Anakweza maso pakona, osalola kuti agwere pa mzere ngakhale umodzi. Anadina Sign out.

"Waona pamene ndadina?" anamufunsa Sharon. "Pamenepo. Osati pakamtanda. Tsiku lililonse, ngakhale belu lilire bwanji."

Anasiya makiyi patebulo, anakonza mpango wake kumutu, n'kutuluka.

Kunja kamvula kaja kanali katayambanso. Wakabaza anaima pambali pake. "Chiputula, sisi?"

Asanakwere, foni inalira m'chikwama.

"Lehe wanga, ndinanena zija chifukwa cha mantha. Iwe ndiwe weniweni. Tikumane tikambirane, duwa langa."

Lehema anapukuta madontho pagalasi la foni ndi chala, n'kulemba:

"Imelo yako unaisiya yotsegula. Ndakutsekera, sindinawerenge. Nambala yanga fufuta."

Anatumiza, n'kukwera kabaza.

"Ku sukulu ya mkaka kaye, achimwene. Mwana wanga akudikira."